Gombeza Lofiira la Lamei

Feng Lamei ndi mwana wa a Feng Huoshun, amene ankayang'anira moto pa ng'anjo yowotchera mbale zadongo ya a Yu ku Jingdezhen, ndi mayi Jiang Dongju, amene ankachapa zovala za anthu kumtsinje wa Chang mpaka manja awo kusanduka khungwa. Anabadwa m'mwezi womaliza wa chaka, kukuzizira koti madzi a mumtsuko kuuma gwa. Alongo analibe, ndipo bambo ake sanaiwale kumukumbutsa zimenezi. Anakwatiwa ndi Cao Maolin, nabereka ana awiri. Woyamba ndi Yinhua, wamkazi, amene lero ali ndi zidzukulu zinayi, zonse zamitu yogwira kusukulu, palibe n'chimodzi chomwe chobwereza kalasi. Wachiwiri ndi Yaosheng, wamwamuna. Za uyu tinena pomaliza, chifukwa pali kanthu kamene sanawabwezerebe mayi ake.

Masiku amenewo mzinda wonse unkadya za dongo loyera: okumba, oponda, oumba, ojambula timaluwa tabuluu, osenza mbale zosawotcha pamatabwa ataliatali. Koma thukuta la onsewa linkathera m'manja mwa munthu mmodzi, woyang'anira moto. Iye sagwira nkhuni. Amakhala pampando, tiyi ali m'manja, osonkhezera akuponya nkhuni za paini usana ndi usiku wathunthu. Nthawi ikayandikira amakwera pamsana pa ng'anjo, n'kulavulira m'kabowo, n'kuona mmene malovuwo avinira asanazimirire. Akatseka ng'anjo ndi njerwa msanga, mbale zimatuluka zotuwa ngati nkhope ya wodwala. Akachedwa, zimapindika, milu n'kugwerana, ndipo mabanja khumi amene anabwereka malo m'ng'anjomo amamanga mimba mpaka chaka chatsopano. A Huoshun ankalavula kamodzi basi, osabwereza.

Mkazi m'nyumba ya ng'anjo sankalowa. Ankati akangodumpha thabwa la pakhomo, mbale zonse zing'aluka. Lamei akabweretsa chakudya cha bambo ake ankachisiya pathabwapo ngati nsembe, n'kubwerera.

Popeza mayi ake ankachoka mochedwa kumtsinje, mphika wa mpunga unali wa Lamei kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. A Huoshun anali ndi lamulo limodzi: tsiku lotseka ng'anjo, akamalowa m'nyumba apeze mpunga ukutuluka nthunzi, mowa uli wofunda. Wozizira ankaukankhira kutali. Wosapsa ankautukwana mpaka makolo a mpungawo. Ndiye kamtsikanako kankakwera pathandala la padenga, poyanika mpiru ndi tsabola, n'kumayang'ana chumuni cha a Yu pakati pa machumuni ena osawerengeka. Utsi ukakhala wakuda bii, bambo akadali kutali, sewera. Ukayamba kutuwa, tsuka mpunga. Ukapyapyala mpaka kusowa, kungotsala kamphepo konjenjemera pakamwa pa chumuni, teleka mphika, nkhalamba ikubwera. Sankadziwa kuti akuphunzira ntchito. Iye ankangothawa kutukwanidwa.

Tsiku lina, ali ndi zaka khumi ndi zitatu, a Huoshun anapeza mpunga wozizira. Asanatsegule n'komwe pakamwa, Lamei anawadula.

"Wolakwa si mpunga, bambo. Mwachedwa ndinu. Mbale zija zinapsa kalekale, ine ndikuthira mchere m'ndiwo."

Analandira khofi. Patapita masiku atatu anatsegula ng'anjo, napeza mizere itatu yakutsogolo ya mbale itapindika ngati makutu a nkhumba. A Huoshun sanapepese, ife a kwa Feng kupepesa sitinakuphunzire, koma madzulo ake anatola nthuli yonona m'mbale yawo n'kuiponya m'mbale ya mwanayo, nkhope itayang'ana kukhoma.

Cao Maolin anali wophunzira ntchito wa a Huoshun. Mnyamata wamtali, mano oyera mbee, mawu ngati ng'oma, ndipo kalavulidwe kake kanali kosiririka: ankalasa kabowo kaja ali chiimire, dzanja lili m'chiuno. Chimene malovuwo ankanena akafika m'katimo ndiye sankachimva. Moto kwa iye unali wofiira basi, m'mawa wofiira, madzulo wofiira. A Huoshun anaziona zimenezi m'chaka choyamba, koma wowasiyira mpando analibe, ndipo kuti mpando wa a Feng upite kubanja lachilendo akanalolera kumeza khala. Choncho anam'patsa Maolin mwana wawo. Lamei sanakane. Ankadziwa kuti munthuyo m'mutu muli mphepo yambiri, koma mano aja anali mano, ndipo anali mwamuna woseka msanga, wosakweza dzanja.

Chifuwa cha fumbi chitawagwetsa a Huoshun, anawaitana onse awiri pamphasa. Anamuuza Maolin kuti mpando ndi wake. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Kumwamba anasokoneza katundu potumiza," anatero. "Maso anapita kwa iwe, ndevu kwa uyu. Muzigawana."

Anagawanadi. Pamwamba pa msana wa ng'anjo panali kazenera kotulutsira kutentha, ndipo munthu akaima pakabowo kolavulira ankaona denga la nyumba yawo kumtunda kwa kanjira. Lamei anali ndi gombeza lofiira la paukwati, lothina ndi thonje, lopetedwa abakha awiri. Pangano linali lalifupi, loti ngakhale Maolin aligwire: gombeza likaoneka pansungwi yoyanikira padenga lawo, tseka, likapanda kuoneka, ponyabe nkhuni, ngakhale mwini ng'anjo agwade. Moto ankayatsa m'mawa n'kutseka masana a tsiku linalo, ndiye kuwala kunalipo kokwanira. Kukagwa mvula gombeza linkanyowa, banja n'kugona likunjenjemera, koma mbale zili bwino.

Maolin ankakwera pang'onopang'ono, kutsokomola motalika, kulavula, kenako n'kukweza maso kukazenera, milomo ikugwederagwedera. Osonkhezera ankatsitsa mawu, ankati akufunsa mzimu wa moto. Zaka zinayi zinatha osataya ng'anjo ndi imodzi yomwe. Anthu anayamba kumutcha Malovu a Golide. Panyumba panayamba kufika miyendo ya nkhumba ndi mitsuko ya mowa. Maolin ananenepa, nagula chipewa. Nthawi zina akamwa ankaiwala, n'kuyamba kumufotokozera mkazi wake zinsinsi za moto, kuti ntchito iyi imafuna mtima wachimuna. Lamei ankamvetsera akusenda adyo, kenako n'kumufunsa modekha ngati angakonde kuti gombeza lija mawa alinyike m'madzi, popeza lada. Nkhani ya mtima wachimuna inkathera pomwepo.

Zikanadziwika, mpando ukanachoka tsiku lomwelo. Osonkhezera sakanalola kuti misana yawo ilamulidwe ndi chofunda cha mkazi, ndipo eni mbale akanakumbuka kamng'alu kalikonse ka zaka zinayi n'kukakoleka pa Lamei. Ndiye chinsinsicho chinali cha anthu awiri. Ngakhale mayi ake a Maolin, amene anabwera kuchokera ku Duchang kudzakhala nawo, sankadziwa kanthu. Iwo ankangodandaula kwa oyandikana nawo kuti mwana wawo, munthu wotchuka chonchija, anakwatira mkazi waukhondo wopanda mutu: amayanika gombeza ngakhale kukugwa mvula.

Chaka ndi chaka mvumbi wautali ukatha, pa tsiku lachisanu ndi chimodzi la mwezi wachisanu ndi chimodzi, aliyense amatulutsa zofunda ndi zovala za nyengo yozizira kuti dzuwa liphe chuku ndi njenjete. Wosayanika tsiku limenelo amasekedwa mpaka chaka chitembenuke. Lamei tsikuli ankaliopa, ndiye chaka chilichonse, kutatsala masiku atatu, Maolin ankalota maloto oipa kwambiri, a Yu n'kusuntha tsiku loyatsa moto. Koma chaka chachisanu mtsinje unasefukira, mabwato a nkhuni anachedwa masabata awiri, eni mbale anali atawakhala pakhosi a Yu. Maolin atabwera ndi maloto ake a ng'ombe yamitu iwiri, a Yu anamuuza kuti alote ngakhale yamitu inayi, moto uyaka pa tsiku lachisanu la mweziwo, atseka pa lachisanu ndi chimodzi.

Lamei anamulimbitsa mtima mwamunayo. Anamuuza kuti madenga onse afiira, inde, koma lawo lidzakhala lokha lopanda kanthu mpaka nthawi itakwana, asayang'ane kwina. Za apongozi ake sanaziganizire.

M'mawa wa tsikulo mzinda wonse unafiira ndi zofunda zoyanika kuyambira kumtsinje mpaka kuphiri. Lamei anasuzumira chumuni, utsi unali wakuda bii, ndiye anapita kukatunga madzi mtima uli m'malo. Pobwera anakweza maso. Gombeza linali pansungwi, litatambasulidwa bwinobwino, abakha akuyang'ana kung'anjo. Pambali pake panali apongozi, akuliomba ndi ndodo mosangalala.

Ndowa anazisiya pakati pa njira. Anakwera makwerero awiriawiri, nalikoka gombezalo n'kulikulunga pachifuwa. Anati dzuwa silinalimbe.

"Iwe," anatero apongozi, "mvula ikamagwa umayanika, lero dzuwa likuswa mtengo ukuanula. Kwanu anakulera mutu uli pansi?"

Analilanda, nalibweza pansungwi. Lamei anati pali kachibowo kofuna kusoka, nalitsitsa. Apongozi anati singano sithawa, nalikweza. Lamei anati waona mbalame zikuzungulira, ziliipitsira. Apongozi anati mbalame za mumzinda uno zili ndi ulemu kuposa akazi ake. Pansi Yinhua anayamba kulira. Lamei atatsika, gombeza linakwera, atabwerera linatsika, apongozi atapuma pang'ono linakweranso.

Zimene zinkachitika kung'anjo, osonkhezera akale anazisimba mpaka tsiku la imfa yawo. Malovu a Golide analavula, nayang'ana kumwamba, nalamula kuti abweretse njerwa zotsekera. Njerwa itafika m'manja mwake anayang'ananso kumwamba, naibweza, nafuula kuti ponyani nkhuni. Ataponya mitolo iwiri, njerwa. Njerwa itafika, nkhuni. Kukamwa kunamuuma, anayamba kupempha tiyi kapu ndi kapu. A Hu, mkulu wa osonkhezera, wa diso limodzi, anamufunsa mwaulemu ngati mzimu wa moto lero walawa mowa.

Kudenga kuja apongozi anapambana mmene amapambanira akuluakulu. Anayanika gombeza, nakoka kampando, nakhala pansi pake atagwira nsonga zonse ziwiri, nanena kuti wofuna kulichotsa ayambe wachotsa iwo, awaponye pansi anthu aone. Lamei anayang'ana chumuni. Utsi unali utangoyamba kutuwa. Motowo unkafunabe nkhuni kwa nthawi yoti n'kupsereza timitengo tiwiri ta lubani. Ndipo mwamuna wake uko anali kuona chofiira chosasunthanso.

Anathamanga. Kanjira kotsetsereka kaja anakatsika akuwerama pansi pa mathalauza ndi majekete a anthu, nsapato imodzi itavuka ili m'manja. Pakhomo pa ng'anjo a Hu anatambasula manja.

"Mlamu, thabwa ili mukulidziwa."

Ankalidziwa. M'katimo ankamva mawu a ng'oma aja akuitanitsa njerwa, tsopano mosakayika. Njerwa yoyamba amaika ndi woyang'anira moto mwini, ndipo asanaiike moto saulola kugona. Lamei anaganiza mofulumira. Akanati mwana wadwala, Maolin akanayamba waika njerwa kenako n'kutuluka. Akanati nyumba ikupsa, chimodzimodzi. Pankafunika chinthu choti chimugwetse njerwayo m'manja. Maso ake anagwera pa mayi Tu, wamasiye wogulitsa mikate ya mpunga pakona, amene anali atakhala phee akuingitsa ntchentche, osalakwira munthu.

Lamei anakoka mpweya.

"Cao Maolin! Tuluka, galu wa miyendo iwiri iwe! Tuluka udzawauze anzakowa chimene chipewa chako chimakafuna kunyumba kwa mayi Tu!"

M'katimo munamveka njerwa ikugwa. Maolin anatuluka kukamwa kuli yasa, osonkhezera khumi ali pambuyo pake. Awiri otsala pamoto ankaponya nkhuni mothamanga kuti asinthane kudzamvera, moti ng'anjo ija sinadyepo bwino ngati tsiku limenelo.

Lamei anaima poti chumuni chizionekera pamwamba pa phewa la mwamunayo. Anayamba ndi chipewa, chimene anati anachiona ndi maso ake chitakolekedwa kuseri kwa chitseko cha wamasiyeyo. Utsi unali wotuwabe. Anawonjezera mpango wa silika umene anati unasowa m'bokosi mwake. Anawonjezera fungo la mikate limene malaya ake ankabwera nalo. Maolin analumbira pa manda a bambo ake, pa mutu wa Yinhua, pa mzimu wa moto, uku akuphethira ndi kulozera kudenga ndi nsidze ngati walowedwa kachitsotso, kufuna kumuuza mkazi wake kuti gombeza lili pansungwi, mbale zikupsa. Lamei anati taonani, akuphethirira wina ndili pompano. Mabodza atamuthera anayambiranso pachipewa, napanganso pomwepo mkazi wachiwiri wa tsidya la mtsinje, wa dzino lagolide. Osenza mbale anaima ndi matabwa awo pamapewa, kanjira kanatsekeka, akazi anasiya zoyanika n'kusuzumira m'madenga. Mayi Tu anaimirira, manja m'chiuno. Iwo sankayang'ana pakamwa pa Lamei. Ankayang'ana kumene maso ake ankapita.

Utsi unapyapyala. Unasowa. Kunatsala kunjenjemera kuja.

Lamei anamugwira khutu Maolin, nalikokera kukamwa kwake ngati akufuna kuliluma, nanong'oneza kuti, "Katseke tsopano, chitsiru changa." Kenako anamuwomba ndi nsapato ija pamsana, kuti anthu asabwerere opanda kanthu.

Maolin anakwera pamsana pa ng'anjo, nasonkhanitsa timalovu tomwe tinatsala, nalavula, nayang'ana kumwamba nthawi yaitali, natsika kukaika njerwa.

Tsiku lotsegula, a Yu anakhetsa misozi. Mbale zinatuluka zoyera ngati dzira losenda, zolira ngati belu ukazigogoda ndi chikhadabo, mzere woyamba mpaka womaliza. Anthu anati taonani munthu uyu: mkazi akumuvula pagulu, koma mtima wake uli pamoto.

Madzulo a tsiku la chipongwelo Lamei anapita kwa mayi Tu ndi mazira khumi m'kansalu, mutu uli pansi. Mayi Tu analandira mazirawo, naligwedeza limodzilimodzi pakhutu.

"Mwanawe," anatero, "ukadzafunanso kundipatsa chibwenzi, undisankhire wodziwa kuti mkate wapsa. Wakoyu amagula yaiwisi n'kumayamikira."

Analoza chumuni ndi chibwano, natsinzina diso limodzi. Sanauze munthu mpaka analowa m'manda. Ndipo sanataye kanthu: mikate yawo inayamba kutha dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa mzinda wonse unkafuna kuona nkhope imene inazunguza Malovu a Golide. Maolin anakwiya masiku atatu. Tsiku lachinayi anaona kuti akalowa m'nyumba yomwera tiyi amuna akumusendera malo ndi kumuyang'ana mwa ulemu watsopano, ndiye anayamba kupendeketsa chipewa. Nkhaniyo ankaikana, koma ankaikana mwa mtundu woti aliyense aikhulupirire. Wa dzino lagolide uja, amene sanabadwe n'komwe, anthu atatu analumbira kuti anamuona pabwato. Apongozi sanamulankhule Lamei mwezi wathunthu, koma gombezalo sanalikhudzenso. Anati lili ndi tsoka.

Chaka chotsatira Yaosheng anabadwa. Pambuyo pake ng'anjo zinachoka m'manja mwa eni ake n'kukhala za boma, mabwana anasintha, nyimbo zinasintha, koma Maolin anakhalabe pampando, Lamei padenga. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Yinhua anazindikira chinsinsi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, chifukwa ndiye ankathandiza kukweza gombeza pamakwerero, ndipo sanatsegule pakamwa ngakhale kwa amuna ake, mwana wolera bwino. Yaosheng ankakhulupirira malovu. Ankayeserera kuseri kwa nyumba mpaka khoma kuchita ndere.

Kenako kunabwera malasha, kenako gasi, ndi kachipangizo ka singano yoloza kutentha. Maolin anapuma ntchito singanoyo isanamuyese, mwayi wa anthu oseka msanga. Anakalamba ali wokhuta ulemu. Koma tisamunamizire: tsiku lomwalira anamuitana Yaosheng, namuuza zonse, za denga, za gombeza, za mayi Tu. Anati iye anali kamwa chabe, maso anali a mayi ake, ndipo popeza iye analibe mtima woti anene ali moyo, mwanayo adzanene iye atapita. Yaosheng analonjeza akulira.

Masiku ano ng'anjo ya a Yu anaikonza kuti alendo azidzaona. Yaosheng, imvi zili mbuu, ndiye amakhala pampando uja. Amafotokoza za moto, amalavulira m'kabowo kozizira alendo akujambula ndi mafoni, kenako amawagulitsa makapu a tiyi odindidwa dzina la bambo ake kunsi. Chikwangwani cha pakhomo mawu ake anapereka ndi iye: Cao Maolin, Malovu a Golide, amene zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sanataye ng'anjo ndi imodzi yomwe.

Mayi Lamei analowamo koyamba ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza ziwiri. Akazi tsopano amalowa, bola tikiti. Anaima pathabwa lija, nalipondaponda dala ndi mapazi onse awiri, nalidumpha, namvetsera. Palibe mbale inang'aluka. Mpando anauyang'ana, nati ankaganiza kuti ndi waukulupo. Pamakwerero okwerera pamsana pa ng'anjo anakana kugwiridwa dzanja. Anasuzumira pakazenera, koma denga lawo kulibenso, pali nyumba yosanja ya magalasi. Potuluka anamuuza Yinhua kuti awawerengere chikwangwani, popeza maso aja tsopano amaona zakutali zokha. Anamvetsera mpaka kumapeto, nafunsa ngati kuseri kwalembedwanso. Yinhua anakasuzumira. Kunalibe kanthu.

Pamaso pa alendo anangotembenuka n'kumapita. A kwa Feng za m'nyumba sitiyanika pamsewu, pokhapokha ngati mbale zili pangozi. Koma madzulo anamuitanitsa Yaosheng, namufunsa chimene bambo ake anamutuma pomwalira. Yaosheng anati akukumbuka bwino, sanaiwale ndi tsiku limodzi lomwe, koma amayi amvetse: alendo amagula makapu chifukwa cha Malovu a Golide, nanga ndani angagule kapu ya gombeza? Ndiponso pali komiti, pali wolemba zikwangwani amene amadwaladwala, pali utoto wofuna kuitanitsa.

"Zilembo zitatu zokha m'kalembedwe kathu, mwanawe," anatero mayi Lamei. "Feng, La, Mei. Iwe unayamba kundipweteka tsiku lotseka ng'anjo. Ndinakwera makwerero ndikukukuta mano, ndinadikira utsi, ndinayanika gombeza, kenako n'kutsika kudzakubereka. Zaka zonse zija dzina langa ndinalipinda n'kuliika pansi pa bokosi kuti iwe udye nyama. Lero zilembo zitatu zikukulemera?"

Yaosheng anati chaka chatsopano chikangodutsa akonza. Chinadutsa. Chinzake chinadutsanso.

Mayi Lamei tsopano amakhala kwa Yinhua, m'nyumba zosanja, yachisanu kuchokera pansi, ndipo kakhonde kake kamayang'anizana ndi zenera la Yaosheng tsidya la msewu. Gombeza lija lilipo. Lasuluka, thonje lasonkhana m'makona, bakha mmodzi watsala mlomo wokha. M'mawa uliwonse amalitulutsa n'kuliyanika pansungwi, kaya kuli dzuwa kaya mvula. Oyandikana nawo amati nkhalamba yayamba kusokonezeka. Asiyeni anene. Yaosheng gombeza limenelo amadziwa kuliwerenga, ndi mwana wa woyang'anira moto: likaoneka, nthawi yakwana. Anagula makatani okhuthala, koma mkazi wake akuti amamupeza atasuzumira pakati pa makataniwo, tiyi akuzizira m'manja.

Sabata yatha Yaosheng anabwera ndi mwendo wa nkhumba wathunthu, wokulunga m'pepala lofiira. Mayi Lamei anaudya, nayamikira kuti wafewa, nafunsa za thanzi la wolemba zikwangwani uja. Kenako anamutuma Yinhua kuti akaone ngati mphepo sinapinde gombeza pansungwi, chifukwa pali wina tsidya la msewu amene maso ake ayamba kufooka, afunika kuliona lonse.